Za Liu la Chingerezi Lakuti Friend

Mwa mau a Chingerezi amene mwana amayamba kuphunzira pa sukulu, limodzi ndi ili lakuti friend. Mphunzitsi amalilemba pa bolodi, nalemba pambali pache kuti bwenzi. Ana nalitchula katatu onse pamodzi, nalilemba m'makope mwao, ndipo ayesa kuti alidziwa. Ndi liu lalifupi ndithu, la zilembo zisanu ndi chimodzi zokha. Koma liri ngati mtsinje wa m'dambo, umene uoneka wosaya munthu ali pamtunda, ndipo kuya kwache kudziwika ataponyamo mwendo. Anthu akulu akulu, odziwa kuwerenga ndi kulemba, akhumudwapo pa liu limeneli. Ena anachita manyazi, ena anataya chuma, chifukwa anamva friend nayesa kuti auzidwa bwenzi.

Choyamba ndi katchulidwe. Chilembo cha i chimene chiri pakati sichimveka konse. Angerezi amanena ngati kuti palembedwa frend, ndi mpweya umodzi, osaika u pakati pa f ndi r, osaonjezanso i kumapeto. Lilime la Mchewa linazolowera kuti liu liri lonse lithere pa a, e, i, o kapena u. Chifukwa chache ana ambiri amati furendi, ndipo ayenera kuyesa kawiri kawiri kufikira lilime litaongoka. Polemba, ambiri amasinthanitsa i ndi e. Chothandiza ndi kukumbukira kuti zilembo zitatu zotsiriza zipanga liu lina lakuti end, ndiko kuti mapeto. I atsogole, end atsate pambuyo. Akakhala ambiri ali friends. Ubwenzi ndiwo friendship. Munthu wansangala, wolandira bwino alendo, amati ali friendly, ndipo wosowa womkonda ali friendless. Kupalana ubwenzi amati make friends, ndi s kumapeto, ngakhale wopalana nayeyo ali mmodzi yekha. Ndipo nkoyenera, pakuti pa ubwenzi pamakhala awiri.

Liuli ndi lakale kwambiri. Makolo a Angerezi, mitundu yotchedwa Angles ndi Saxons, anaoloka nyanja kuchokera ku maiko amene lero ali Germany ndi Denmark, nakhala pa chisumbu cha Britain m'zaka za m'ma 400 ndi 500, Aroma atachokapo. Iwo anadza nalo liuli, koma analitchula freond. Linatuluka m'liu lina lakuti freogan, ndiko kukonda; chotero tanthauzo lache loyamba ndilo wokonda, munthu amene ali kukonda, monga momwe Achewa atenga kulima napanga mlimi, natenga kuphunzitsa napanga mphunzitsi. Dzinalo linabadwa ku nchito. Munthu amene sagwira khasu satchedwa mlimi, ndipo makolo aja sakadatcha freond munthu amene chikondi chache sichioneka.

Anali nalonso liu lina lofanana nalo ngati mapasa, ndilo feond, lochokera ku feogan, kudana. Feond anali mdani. Mau awiriwa anasiyana pa chilembo chimodzi chokha, ndipo kufikira lero asiyana pomwepo. Pakuti feond anasanduka fiend, dzina limene Angerezi atcha mzimu woipa kapena munthu wankhanza yoopsa. Mwana amene alemba kalata mofulumira naiwala r, watcha mnzache chiwanda pa mzere woyamba.

Pali china chodabwitsa. Liu lakuti free, ndiko kuti mfulu, linaphuka pa muzu womwewo wa kukonda. Anthu ophunzira za chiyambi cha mau aganiza kuti zinatero chifukwa m'nyumba ya kale munali anthu a mitundu iwiri: okondedwa, ndiwo a mwazi umodzi ndi mwini nyumba, ndi akapolo. Wokondedwa anali mfulu. Tsono sichachilendo kuti kale liu la friend linkatanthauzanso mbale. Ku Iceland liu lofanana nalo, frændi, litanthauza mbale wamwamuna kufikira lero, monga malume kapena msuwani. Ndipo ku Scotland, m'kanenedwe ka m'midzi, munthu ankati friends ali kunena abale ache. M'zinenero zina liuli linatsata njira ya Chingerezi: Ajeremani ati Freund, ndipo m'Chiafrikaans cha ku South Africa ati vriend, onse ali kunena bwenzi.

Chingerezi cha lero chinalekanitsa ziwirizi. Mbale ali relative, ndipo friend ndi munthu wosankhidwa, wosabadwa naye. Achewa adziwa bwino kusiyana kumeneku, pakuti amati chibale ndi fupa, sichiola. Koma ubwenzi, ukapanda kusamalidwa, umatha. Komabe Mchewa akakonda bwenzi lache kwambiri amalikweza kuti likhale mbale, naliitana achimwene kapena achemwali.

Bvuto lalikulu la liuli liri pa kutambalala kwache. Chichewa chiri ndi mau ambiri pamene Chingerezi chikonda kunena limodzi. Mnzanga ndi munthu amene ali naye wina pa chinthu chimodzi: oyenda njira imodzi, ophunzira kalasi imodzi, ogwira nchito pamodzi, ngakhale sakondana kwenikweni. Bwenzi ndi loposa pamenepo. Ndi munthu wopatsana naye mphatso, wodziwa pakhomo pa mnzache, wosafuna kuitanidwa pa maliro. Pali tsamwali. Pali chinjira cha akazi a ku Zomba ndi madera ena a kum'mwera, amene amathandizana pa matenda, pa ukwati ndi pa zobvuta. Ndipo pamwamba pa onse pali bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Mngerezi angathe kufunda onsewa ndi bulangete limodzi la friend. Mnyamata amene anakhala naye pa benchi limodzi zaka makumi awiri zapitazo ali friend. Munthu amene amamenya naye mpira Loweruka ali friend. Ndipo amene angamfere alinso friend.

Si kuti Angerezi sadziwa kusiyanitsa. Adziwa ndithu, koma amasiyanitsa ndi timau tating'ono toika patsogolo, ndipo mlendo amene samvetsera timau timeneti asokera. Close friend ndi bwenzi la pamtima. Best friend ndi loposa onse. Old friend si nkhalamba ai, koma munthu wodziwana naye kuyambira kale, angakhale ali wa zaka khumi ndi ziwiri. Fair-weather friend, ndiko kuti bwenzi la nyengo yabwino, ndi uja amaoneka nkhokwe ziri zodzala, nasowa m'mwezi wa njala. Achewa amati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera, pakuti wokwera mu mtengo akatha kudula amaiponya pansi. Alinso ndi mau ena a anthu amene safika pa ubwenzi. Acquaintance ndi wodziwana naye nkhope ndi dzina chabe. Colleague ndi wogwira naye nchito. Neighbour ndi mnansi woyandikana naye nyumba. Lokoma koposa ndi companion, limene linachokera ku mau awiri a Chilatini otanthauza pamodzi ndi mkate. Ndiye munthu wonyema naye mkate, monga kuno anganene wodya naye nsima m'mbale imodzi.

Za mauzi si za m'kalasi mokha. Mnyamata akapita kukaphunzira kapena kukagwira nchito ku mzinda wa ku England, monga Manchester kapena Leeds, apeza anthu omlandira ndi nkhope yosekerera. Wogwira naye nchito amuonetsa kwa ena, nati uyu ndi friend wache. Mnyamatayo akondwa mumtima, nati, Ndapeza bwenzi m'dziko la eni. Tsiku lina anyamuka osatumiza mau, nafika pakhomo pa mnzacheyo nthawi ya chakudya, monga achitira kwao. Ndipo mwini nyumba atsegula chitseko ali wodabwa, nafunsa ngati kwagwa kanthu. Mwezi wina amache a mnyamatayo adwala kumudzi, iye napempha ngongole kwa friend uja. Uja achita manyazi, nayankha mau ozungulira, nayamba kumpewa. Pamenepo mnyamata ati Angerezi ndi onyenga, ndipo Mngerezi ati mlendoyu ndi wolemetsa. Onse awiri aweruza molakwa, pakuti palibe amene ananama. Mmodzi ananena mnzanga, ndipo wina anamva bwenzi.

Kwa Angerezi ambiri kuchezerana kumayamba ndi kupangana tsiku ndi ora, ndipo nkhani ya ndalama amaiopa kuti ingaononge kumvana. Kuli bwino kwa iwo kukongola ku banki koposa kukongola kwa mnzao. Ali nao abwenzi enieni amene angawadzutse pakati pa usiku osachita mantha, koma ndi owerengeka, ndipo amapezeka patapita zaka. Mngerezi naye akafika kuno amakhumudwa pa mwala womwewo, koma kuchokera mbali yina. Atcha munthu friend mosaganizira, ndipo tsiku limene pakhomo pa munthuyo pagwa maliro iye saoneka, poyesa kuti kufika osaitanidwa ndi kusokoneza banja. Anthu a pa siwa ayang'anana, nafunsa namfedwa kuti, Bwenzi lanu lija liri kuti?

Palinso msampha wina, umene umagwira achinyamata. M'Chichewa cha masiku ano ubwenzi ndi chibwenzi ziri zosiyana: ubwenzi ndi wa anthu ali onse, koma chibwenzi ndi cha mnyamata ndi msungwana ofunana. Friend payekha sanena za chibwenzi. Msungwana wa Chingerezi angathe kuuza amache kuti mnyamata wakuti ali friend wache, amachewo osagwedezeka konse. Zofunana ziri ndi mau ache, boyfriend ndi girlfriend. Ngakhale ku America akazi ena amatcha akazi anzao girlfriends, osatanthauza kanthu kena. Ndipo msungwana akayankha mnyamata kuti akhale just friends, ndiye kuti wamkana mwaulemu, ndipo mnyamatayo asayese kuti walonjezedwa.

M'malo ena liuli limabvalidwa ngati chobvala cha pa nchito, chosasonyeza za mumtima. M'Nyumba ya Malamulo ya ku London, imene amaitcha House of Commons, aphungu saitanana maina pokambirana. Amalankhula kwa wapampando, ndipo ponena za phungu wa chipani chao amati my honourable friend, angakhale awiriwo sapatsana moni panja. Wa chipani china samtcha friend, koma honourable member. M'bwalo la milandu muli chachilendo choposa: woimira wodandaula amatcha woimira wodandaulidwa my learned friend, ndiko kuti mnzanga wophunzira, nthawi yomweyo ali kuyesetsa kugwetsa mau ache onse. Mwambo umenewu unafika ku maiko ambiri amene anatenga malamulo a Angerezi. Kwa asilikari friend ndi ali yense wa mbali yao. Wolonda usiku akamva mgugu amafunsa ngati wakudzayo ali friend kapena foe, ndiye mdani. Ndipo chipolopolo chimene chilasa msilikari mwangozi kuchokera kwa anzache amachitcha friendly fire, ngakhale chimapha chimodzimodzi. Pa mpira, masewero osalimbirana chikho amati friendly; ndipo nchokondweretsa kuti pomasulira liu limeneli Achewa sanapite ku ubwenzi, koma anati masewero a paubale. Kamvekedwe ka mau nakonso kamasintha zinthu. Munthu wokwiya akayamba ndi my friend, atatsitsa mau ndi kuloza chala, wakumvayo achenjere, pakuti chotsatira si mphatso.

Koma si nthawi zonse pamene liuli linali lopepuka chotero. Analipo anthu ku England amene analinyamula ndi kulemera kwache konse. George Fox, mwana wa munthu woomba nsaru wa ku Leicestershire, anabadwa m'chaka cha 1624. Ndipo anthu amene anamtsata m'chipembedzo anadzitcha Friends. Dzina lina lakuti Quakers, ndiko kuti onjenjemera, anapatsidwa monyozedwa ndi woweruza wa ku Derby m'chaka cha 1650. Anthuwa anakana kubvulira akulu chipewa, poti anthu onse ali olingana. Anakana kulumbira m'bwalo la milandu, poti mau a munthu ayenera kukhala oona masiku onse. Anakananso kupita ku nkhondo. Chifukwa cha zimenezi ambiri anaponyedwa m'ndende. M'chaka cha 1787 amuna khumi ndi awiri anasonkhana ku London kupanga bungwe lothetsa malonda a akapolo, ndipo asanu ndi anai mwa iwo anali Friends. Lamulo loletsa malondawo m'zombo za Angerezi linadza m'chaka cha 1807. Itatha nkhondo yaikulu yoyamba, anadyetsa ana ambiri a ku Germany, ana a anthu amene dzulo lache anali adani. Ndipo m'chaka cha 1947 mabungwe ao awiri, la ku Britain ndi la ku America, analandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Anafika ku Kaimosi m'dziko la Kenya m'chaka cha 1902, ndipo lero ku Kenya kuli Friends ambiri koposa ku dziko lina liri lonse.

Anthu osauka a ku Britain nao analipatsa nchito liuli. Kale munthu wogwira nchito m'mgodi kapena m'nyumba yoombera nsaru akadwala, malipiro ankaleka tsiku lomwelo. Ndipo akafa wopanda kanthu ankaikidwa m'manda a amphawi, chinthu chimene ankachiopa koposa njala. Tsono anayamba kusonkhana, ali yense naponya timakobiri m'bokosi limodzi mwezi ndi mwezi, kuti wodwala alandire chakudya ndi womwalira aikidwe mwaulemu. Magulu amenewa anatchedwa friendly societies, ndipo boma linawabvomereza ndi lamulo m'chaka cha 1793. Nchito yao yambiri inachepa boma litayamba kuchiritsa anthu onse mwaulere m'chaka cha 1948, koma ena alipobe. Amalawi amene anapita ku nchito ku Harare ndi ku Bulawayo anapanga mabungwe a maliro a mtundu womwewo, pa chifukwa chomwecho. Pakuti mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Zaka za posachedwapa liuli linatambalalanso kuposa kale lonse. M'chaka cha 2004 kunayamba Facebook, malo a pa intaneti pamene anthu amaonetsana zithunzi ndi kulemberana. Ndipo oyambitsa ache anasankha kutcha friend munthu ali yense amene wina wambvomera kuti aziona zache. Munthu mmodzi aloledwa kukhala nao kufikira 5,000. Kumchotsa wina pa chiwerengerocho amati unfriend, ndipo liu limeneli linafala kotero kuti olemba buku lina la matanthauzo a mau la Oxford analisankha kukhala liu la chaka cha 2009. Ubwenzi umene makolo ankaumanga ndi nkhuku ndi malichero a ufa, tsopano umangidwa ndi kumasulidwa ndi chala chimodzi.

Mtima wa munthu sunakule pamodzi ndi makinawo. Mngerezi wina wophunzira, Robin Dunbar, anayerekeza kukula kwa ubongo wa anyani a mitundu mitundu ndi kukula kwa magulu ao. Ndipo m'chaka cha 1992 analemba kuti, potsata muyeso umenewo, munthu angathe kusunga chidziwano chokhazikika ndi anthu ngati 150. Pambuyo pache anaonetsa kuti anthu 150 amenewo sali olingana, koma akhala m'mabwalo, lina m'kati mwa linzache: ngati 50 ndi amene munthu angawaitane ku phwando, ngati 15 ndi amene imfa yao ingamsweretse mtima, ndipo ngati 5 okha ndi amene angathamangireko tsiku la tsoka. Ophunzira ena amatsutsana naye pa ziwerengerozi. Koma amai ali onse a m'mudzi amene anaphikapo pa ukwati ndi pa maliro angathe kunena amene amadza kudzadya, amene amadza ndi nkhuni, ndi amene amagona pomwepo.

Chotsala ndi makalata, pakuti ndimo mmene ana a sukulu amalakwa kawiri kawiri. Polembera mnzache, mwana ayambe ndi Dear ndi dzina la mnzacheyo, ndipo angathe kutsiriza ndi Your friend. Koma polembera mkulu wa sukulu kapena popempha nchito, liu la friend lisaonekemo konse, ngakhale wolembayo afuna kusonyeza mtima wabwino. Kwa Mngerezi kutero kuli ngati mwana wolowa m'nyumba ya mfumu osaodira, nakhala pa mpando. Kalata yotero iyambe ndi Dear Sir kapena Dear Madam, ndi kutha ndi Yours faithfully.

Alipo makalata ena amene amafika pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta kuchokera kwa munthu wosadziwika, oyamba ndi Dear Friend. Wolembayo amati ali ndi chuma chambiri chimene chatsekeredwa m'banki ya ku dziko lakutali, ndipo wasankha wowerengayo, mwa anthu onse a pansi pano, kuti agawane naye. Chofunika ndi kutumiza kandalama pang'ono kotsegulira njira. Amene atumiza amapemphedwanso kachiwiri ndi kachitatu, ndipo chumacho sichifika. Kalatayo imayamba ndi Dear Friend chifukwa wolembayo sadziwa dzina la amene ali kumlembera, ndipo yomweyo anaitumiza kwa anthu zikwi zambiri m'mawa womwewo.